Zikomo nonse, bambo a kunyumba alandira chikalata chawo

Abale ndi alongo, zomwe takhala tikupempherera zija zatheka. Bambo a kunyumba alandira chikalata chowavomereza kukhala kuno ku South Africa ngati munthu wothawa kwawo. Ambiri mukudziwa kuti anathawa nkhondo ku Uvira, kum'mawa kwa Congo, ndipo zaka zonsezi akhala akuyendera pepala la oyembekezera yankho, lomwe limafunika kukawonjezeretsa masiku pakapita miyezi ingapo.

Kumayambiriro kwa 2020 anagonekedwa m'chipatala ndi TB, pepala lija n'kutha masiku iwo ali chigonere. Apo n'kuti pa 1 January chaka chomwecho patayamba kugwira ntchito lamulo lakuti mwezi ukangodutsa munthu asanawonjezeretse masiku, ndiye kuti pempho lake walitaya yekha, saloledwanso kupempha, ndipo akhoza kubwezedwa kwawo. Tulo sitinkatiwona. Galimoto ikaima pakhomo usiku, mtima unkangoti phaa.

Ndikuthokoza a Scalabrini Centre a ku Cape Town, bungwe lothandiza othawa kwawo, omwe anakasuma kukhothi m'malo mwa anthu onse onga ife, osatopa mpaka nkhani inafika ku Constitutional Court. Pa 12 December 2023 khothi lalikululi linagamula kuti lamulo lija likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Linatsamira pa mfundo ya m'pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo, yomwe ilinso mu gawo 2 la Refugees Act ya 1998, lamulo la South Africa la othawa kwawo, yakuti munthu sabwezedwa kumene moyo wake uli pachiswe nkhani yake isanamvedwe. Oweruzawo anawona chinthu chomwe ife tinkalira nacho: kuchedwa ndi pepala sikutanthauza kuti kwanu mfuti zasiya kulira. Khothi lomweli linanenanso kale mu 2018, pa mlandu wa Ruta wa ku Rwanda, kuti kuchedwa kupempha sikutsekera munthu khomo. Mulungu awadalitse oweruza amenewa.

Amayi a chigwirizano, munatilipirira lendi bambo asakugwira ntchito, simunatiwerengere. Achimwene anga ku Mangochi, munasunga ana nthawi yomwe zinthu zinafika pothina. Aphunzitsi omwe munawalandiranso anawo atabwerera kuno, osatinyoza ndi mapepala athu otha masiku, zikomo kwambiri.

Anzathu ambiri a ku Congo ndi ku Burundi akadayembekezerabe mayankho awo, musaleke kuwapempherera. Lamlungu lino tikapereka chithokozo ku tchalitchi, kenako tonse kunyumba, nsima ndi chambo zikhalapo. Chonde mubwere.