Sabata Yachisanu ndi Chimodzi: Mbale ya Madzi Sinakhudzidwe

Papita masabata asanu ndi limodzi chitcherere kamera yanga yojambula usiku pansi pa chitsamba cha creosote, kunja kwa mzinda wa Tucson ku Arizona m'dziko la America, ndipo tsopano ndakhutira kuti kanyama kamene kakhala kakuonekera ndi khoswe wodumpha wa mtundu wa Merriam, amene asayansi amamutcha Dipodomys merriami. Amalemera magalamu pafupifupi 40, mchira wake ndi wautali kuposa thupi, ndipo amayenda modumpha ndi miyendo yakumbuyo yokha.

Pa sabata yachitatu ndinaika kambale ka madzi pafupi ndi una wake, poganiza kuti nyama ya m'chipululu singalambalale madzi. Ndinalakwitsa. Usiku uliwonse ankadutsa mbaleyo osanunkhiza n'komwe, n'kukagubuduka pamchenga kuti ayeretse ubweya wake. Khosweyu amatha kukhala moyo wake wonse osamwa madzi, chifukwa thupi lake limapanga madzi pamene likugwiritsa ntchito chakudya cha njere zouma, ndipo madzi ochepawo limawasunga mwaumbombo. Impso zake zimatulutsa mkodzo wochepa kwambiri komanso wokhathamira, pamene mphuno zake zimaziziritsa mpweya umene akuutulutsa kotero kuti chinyezi chimatsalira m'kati. Masana amatseka khomo la una ndi dothi, ndipo mpweya wa m'katimo umakhala wozizirirapo ndi wachinyezi. Ine amene ndinakula ndikukumba mbewa ku Dedza ndinkati dothi la pakhomo la una ndi lotsekereza adani basi.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi mmene amatutira chakudya. Ali ndi timatumba tiwiri taubweya kunja kwa masaya, osati m'kamwa, choncho njere sizinyowa ndi malovu ndipo iye sataya madzi ponyamula. Akadzaza timatumbato sapita kukathira njere zonse malo amodzi ayi, koma amazikwirira m'timaenje tambiri tosazama. Mpaka pano ndapeza timaenje tinayi.

Masiku amene mwezi unali wathunthu zithunzi zinachepa kwambiri, zomwe zikugwirizana ndi khalidwe lake lopewa poyera pamene kadzidzi angamuone mosavuta. Makutu ake amamva ngakhale kaphokoso ka mapiko a kadzidzi, koma zikuoneka kuti sadalira makutu okha. Mbale ija ndaichotsa. Mwezi ukalowa mumdima ndidzasunthira kamera pamalo amene amasamba mchenga aja, ndipo ndidzaitsitsa kuti ijambule mapazi akumbuyo, chifukwa ndikufuna kuwerenga ndekha zala zake zinayi.