Mmene ndinachepetsera ma variable mu model ya Gurobi

Gurobi ndi solver, pulogalamu yopeza yankho labwino koposa la model ya masamu. Model yanga inali ya column generation, njira yowonjezera ma variable pang'onopang'ono, ndipo ulendo uliwonse inkalandira ma column atsopano, omwe ndi ma variable, mpaka solver inayamba kuyenda mwaulesi. Panafunika kuthenerako ena.

Ntchito yaikulu inali yosankha ochotsa. Optimize, lamulo louza solver kuti ipeze yankho, itatha, ndinayang'ana zinthu ziwiri pa variable iliyonse: X, yomwe ndi nambala imene yapeza pa yankho, ndi RC, yomwe ndi reduced cost, muyeso wa mmene ndalama zowononga zingasinthire variable-yo itakwera ndi 1. Popeza model inali yochepetsa ndalama zowononga, ndinapatula okhawo amene X yawo inali 0 pamene RC ili yaikulu, chifukwa amenewo ali kutali ndi kulowa mu basis, gulu la ma variable amene yankho lakhazikikapo. A mu basis ndinawasiya dala. Mukachotsa amenewo, solver imasowa poyambira pabwino ndipo imabwerezanso ntchito imene inagwira kale.

Kuchotsa kwenikweniko n'kwachidule: model.remove, kenako model.update. Gurobi imasunga kaye zosintha mpaka muitane update, optimize kapena write, ndiye NumVars, chiwerengero cha ma variable, ikamaonetsabe nambala yakale musanatero, musadabwe. Ndinafufutanso ma variable omwewo mu dictionary yanga ya Python, poti mmenemo amatsalira, ndipo mukafunsa X ya variable yochotsedwa mumalandira GurobiError. Manambala a malo a ma variable otsala amasunthanso, n'chifukwa chake ine ndimawatsata ndi mayina.

Apa ndi pamene ndinachedwapo. Kuchotsa variable kumaizula mu constraint iliyonse imene inalimo (constraint ndi lamulo limene yankho liyenera kutsata), ndipo m'masamu n'chimodzimodzi kunena kuti ndi 0. Tiyerekeze constraint imati x + y ≥ 5, inu n'kuchotsa onse awiri. Constraint-yo siichoka yokha ayi, imatsala ikunena kuti 0 ≥ 5, ndipo model yonse ilibenso yankho. Choncho ndinalemba model mu fayilo ya LP, yomwe munthu angathe kuiwerenga, ndi model.write, n'kuwerenga mizere ndi maso kuti ndione ngati pali yotsala yopanda kanthu. Pakanavuta, computeIIS, imene imafufuza ma constraint otsutsana, ikanandilozera wolakwa.

Panali ma variable ena ochepa amene ndinkadziwa kuti ndiwafunanso mtsogolo. Amenewo sindinawachotse, ndinangoika LB ndi UB, malire a pansi ndi a pamwamba a variable, pa 0. Presolve, gawo limene Gurobi imapeputsira model isanayambe kufuna yankho, imawataya yokha, ndipo kuwabwezera n'kungosintha UB basi. Kwa ine njira imeneyi ndiyo yoyamba kuiganizira. Remove ndimaisungira model yotupadi, imene ikudya memory.

Nditayendetsanso optimize, ndinafananitsa ObjVal yatsopano ndi yakale (ObjVal ndi ndalama zonse zowononga pa yankho). Zinali zofanana, monga ziyenera kukhalira ngati ochotsedwa onse anali pa 0.