Tasamukira ku Lilongwe

Ndikudziwitsa abale ndi abwenzi kuti tachoka ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre, ndipo tsopano tikukhala ku Area 49 ku Lilongwe. Pofuna kuchepetsa ndalama, tinachita hayala lole yaing'ono ya matani atatu pamodzi ndi dalaivala wake, koma ntchito yolongedza ndi kukweza katundu tinaigwira tokha, ine ndi alamu anga awiri.

Chimene ndinalakwitsa n'chakuti sindinagwirizane ndi mwini galimoto za mafuta obwerera komanso ndalama zolipira pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke. Nkhaniyi inabuka katundu ali kale pamwamba, nthawi imene munthu sungathenso kukana, choncho ndinangolipira mtima ukuwawa.

Pokweza tinayamba ndi zolemera monga kabati ndi firiji, imene tinaiimika chilili kumbuyo kwa dalaivala n'kuitchinga ndi matiresi. Mbale zadothi mayi a kunyumba anazikulunga m'zitenje, imodziimodzi, n'kuziika m'ndowa, ndipo pa ulendo wonse wa makilomita opitirira 300 palibe inasweka. Galasi la kabati lokha, limene ndinachita ulesi kulichotsa, ndilo linang'aluka tisanafike n'komwe pa Zalewa. Thumba la makala tinasiyira anansi athu, poopa kufunsidwa chilolezo panjira.

Ku Dedza tinakumana ndi mvula yowaza, ndipo lona imene ndinabwereka monyinyirika ndiyo inapulumutsa mipando. Tinafika kutada, moti bedi tinalimanga mawa lake, zitsulo zake zitapezeka m'poto wophikira nyemba.