Mphoto ya pafoni ndi zomwe ndinaona polandirira alendo

Sabata yathayi pa loji yathu ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi inayamba monga mwa nthawi zonse: magetsi kuzimazima, jenereta kusowa dizilo, alendo a msonkhano kudandaula za madzi osamba. Zimenezo tinazizolowera.

Chomwe chandisowetsa mtendere ndi cha Loweruka. Mabwana athu anabwereketsa holo kwa kampani ina yogulitsa timeshare, malonda omwe munthu amagula ufulu wogona pamalo a tchuthi kwa sabata imodzi pachaka, kenako n'kumalipiranso ndalama zosamalira malowo chaka ndi chaka, apite asapite. Kampaniyo inatumizira anthu mauthenga pafoni kuti apambana mphoto yodzagona kunyanja ulere, koma abwere monga banja. Cholinga chake n'chodziwikiratu: safuna kuti munthu azembe ponena kuti akafunse kaye kunyumba.

Mwa omwe anabwera munali bambo ena achikulire, mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Balaka, omwe anakwera minibasi kudzera ku Liwonde pamodzi ndi mayi akunyumba, chikwama cha zovala chili m'manja. Anawasunga m'holo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akuwaonetsa zithunzi za ku Cape Maclear ndi ku Durban, n'kumawakakamiza kuti atumize dipoziti pa Mpamba asanatuluke chifukwa mtengo wotsikawo unali wa tsiku lomwelo. Atakana, anapatsidwa kapepala konena kuti chipinda chaulerecho n'cha m'nyengo ya mvula yokha, ndipo chakudya n'chodzigulira.

Anafika patebulo langa ndi kapepalako. "Mwanangu, chipinda chathu ndi chiti?" Ndinayankha kuti, "Pepani bambo, dzina lanu mulibe m'buku mwathu." Mayi aja sanayankhule kanthu, anangotsegula kachikwama n'kuyamba kuwerenga ndalama zobwerera.

Nditawauza amanijala, anati ife tangobwereketsa holo, zina sizitikhudza. Komatu uthengawo unatchula dzina la loji yathu, ndipo mkwiyo wa anthu onse unagwera ine, eni malonda atalonga katundu wawo kalekale. Ndinawalangiza bambowo kuti asafufute uthengawo, akadandaule ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula omwe anamizidwa pamalonda, ndipo ndinawaperekeza kumsewu kuti apeze minibasi kusanade.

Lolemba m'mawa ndapeza kuti kampani yomweyo yasungitsanso holo mwezi wamawa, ndipo amanijala asaina kale.