Lero INR yafika 4.1

Ndadzuka kusanache, kavalavu kachitsulo kakungoti tiki tiki m'chifuwamu. Patha miyezi 8 chichitireni opaleshoni yondiika kavalavuka mu mtima, ndipo kaphokoso aka ndinakazolowera. Chimene chandisowetsa mtendere ndi thovu lofiirira limene ndalavula potsuka mano, komanso mkwingwirima pantchafu, chonsecho sindinagunde paliponse.

Kuchipatala andibaya chala, kadontho kamodzi pamakina, nambala ya INR, yosonyeza mmene magazi akuchedwera kuundana, n'kutuluka: 4.1. Valavu yanga ndi ya mitral, ya kumanzere kwa mtima, choncho INR imayenera kukhala pakati pa 2.5 ndi 3.5. Ikatsika, magazi amaundana pavalavupo, ndipo kachibuma kakathawira ku ubongo ndiye sitiroko imeneyo. Ikakwera, munthu umataya magazi, mwinanso m'kati momwe sungaone.

"Bambo, mwasintha chiyani masiku apitawa?" anafunsa anamwino.

Ndinati palibe. Anafunsanso modekha, za chakudya, za mowa, za mankhwala ena. Apo m'pamene ndinakumbukira metronidazole amene ndamwa masiku 5 chifukwa cha dzino. Amene anandilembera sindinawauze kuti ndili pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo izi zandipweteka mumtima. Metronidazoleyu amachedwetsa chiwindi kuchotsa warfarin, ndiye amangounjikana m'thupi ngakhale mlingo uli womwewo.

Adokotala ati lero ndisamwe warfarin, mawa ndibwerere pa 5 mg, Lachisanu akandiyezenso. Ndinapempha kubwera mawa lomwe, koma anandifotokozera kuti warfarin ndi wochedwa: ukasintha mlingo, nambala imayamba kuonetsa pakadutsa masiku awiri kapena atatu. Kudikira kumeneku n'kowawa, komabe ndaona kuti akunena zoona. Wothamangira kusintha mlingo tsiku lililonse amangoisokoneza nambalayo.

Kunyumba mayi a ana atamva, anafuna kundiphikira masamba obiriwira mphika wodzaza, poti ali ndi vitamini K amene amatsitsa INR. Ndikudziwa kuti ndi chikondi, koma ndawapempha kuti tiphike mwa masiku onse. Ndikadya ambiri lero, mawa ochepa, adokotala asowa poyambira. Mutu unawawa pang'ono masana, ndamwa paracetamol. Ibuprofen ndinatsanzikana naye kalekale, poti sagwirizana ndi warfarin.

Nthawi ya 6 madzulo alamu ya pafoni yalira, dzanja n'kupita lokha pabotolo. Ndalibweza pashelefu osatsegula, ndalemba m'kabuku kanga ka INR: "4.1, sindinamwe, alamula adokotala." Kabukuko ndakaika m'thumba la jekete, chifukwa Lachinayi ndikubwerera kwa adokotala a mano, ndipo ndikawaonetsa ndisanakhale n'komwe pampando.