Chipukuta misozi chimatsata nambala ya galimoto

Ntchito yanga ndi yofotokopa ndi kutayipa makalata. Kashopu kanga kali ku Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo kupatula mapepala a ana asukulu ndi a anthu ofuna ntchito, amene amadutsa kwambiri m'manja mwanga masiku ano ndi a anthu ovulala pa njinga zamoto. Lipoti la apolisi, lipoti la dokotala, masamba a m'buku la kuchipatala, nthawi zina chithunzi cha mwendo choti sungachiyang'ane kawiri. Sindine loya ayi. Koma ukamafotokopa mapepala amtundu umodzi kwa zaka, eni ake n'kumadzakuuza mmene zinathera, umayamba kuzindikira amene amalandira kenakake ndi amene amangotsala ndi zipsera. Kukula kwa bala kumabwera pambuyo. Funso loyamba n'lakuti chimene chinakugundacho chinali ndi nambala ndi inshuwalansi kodi?

Alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga, ankapanga kabaza pakati pa Kaphatenga ndi kuno. Mu 2022 lole yonyamula chimanga inawaphopha ikukhota popanda kupereka chizindikiro, fupa la pantchafu n'kuthyoka. Anagonekedwa pachipatala cha boma kuno, kenaka anawatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe komwe anakawaika chitsulo. Mwayi wawo unali mnzawo wa pasiteji amene ankabwera pambuyo. Anthu ali yakaliyakali kunyamula wovulala, iye anatulutsa foni n'kujambula nambala ya lole ija, kamtengo kamene kanali pambali poonetsa pamene inaima, komanso kapepala kozungulira ka inshuwalansi kamene amamata pagalasi lakutsogolo. Zithunzi zimenezo tinazisindikiza pashopu panga pompano, ndipo mlandu wonse unayambira pamenepo.

Sabata isanathe, mwini lole anafika kunyumba atatenga thumba la chimanga, shuga ndi envulopu ya K150,000. Munthu waulemu wake, analowa atavula chipewa. Mawu ake anali akuti ngozi sinunkha, tonse ndife anthu amodzi, za makhothi n'zotaya nthawi. Kenaka anatulutsa pepala lotayipidwa kale m'Chingelezi. Mlongo wanga anapempha kuti ayambe aonetsa achimwene ake, n'kubwera nalo kuno thukuta lili kamukamu.

“Achimwene, akuti tisayine apa kuti tilandire. Tandiwerengerani kaye.”

Mizere inali yochepa, koma womaliza unkati banja lalandira chipepeso chonse ndipo silidzafunanso kanthu kwa mwini galimoto, dalaivala kapena kampani ya inshuwalansi. Nthawi imeneyo alamu anali asanalowe n'komwe mu fiyeta, palibe amene ankadziwa ngati mwendowo udzapondenso. Ndinamuuza kuti chimanga ndi shuga alandire ngati n'zodzazondera wodwala, koma pepalalo alibweze. Sichinali chinthu chapafupi. M'nyumba munalibe ufa, gadiyani ku Lilongwe ankafunika thiransipoti ndi chakudya, ndipo abale ena ankanena kuti tikukana chuma chobwera chokha. Amene amasayina mapepala otere sindiwaseka. Njala ndi imene imawagwiritsa bolopeni.

Lamulo lili kumbali ya wovulala kuposa mmene ambiri amaganizira. Lamulo la pamsewu la Road Traffic Act la 1997 limati galimoto iliyonse yoyenda pamsewu, njinga yamoto yomwe, izikhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze, imene imatchedwa third party. Lamulo lomwelo limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, osachita kudikira kuti mwini galimoto akhale ndi mtima wabwino. Koma pali nthawi yake. Mwayi wosumira kampani mwachindunji umatha pakadutsa zaka ziwiri kuchokera tsiku la ngozi, ndipo mlandu wa kuvulala m'thupi umayenera kukhala utalowa kukhothi pasanathe zaka zitatu. Zaka ziwiri zimaoneka zambiri, koma munthu wothyoka fupa amatha miyezi ali chigonere, ina akuphunzira kuyenda ndi ndodo, ina akudikira lonjezo la “tikuimbirani”. Ndinafotokopapo mapepala athunthu bwino a bambo wina wa ku Chipoka amene anafika kwa loya nthawi itadutsa kale.

Kuwodi sikuchedwa kufika adobadoba. Amadziwa bedi la munthu wa ngozi ngati kuti anachita kuitanidwa, amabwera ndi botolo la zakumwa, amati ali ndi loya wawo wachangu, amapempha lipoti la apolisi lenileni ndi chiphaso cha unzika. Ena mwa iwo amathandizadi kuti nkhani iyende, sindikana. Vuto n'lakuti ndalama ikatuluka imafikira ku akaunti ya loya, ndipo ngati iwe mwini wake sunaonanepo naye maso ndi maso, udzangouzidwa ndi dobadoba kuti “yabwera ndi iyi”, osadziwa kuti yadutsa m'manja angati. Ife tinakwera basi kupita ku Lilongwe, alamu ali ndi ndodo zawo, kukakhala pampando mu ofesi ya loyayo. Tinafunsa kuti iye adzatengapo zingati ndipo tinapempha kuti zilembedwe. Anatiyang'ana kaye, kenaka n'kuseka, n'kulemba. Amene alibiretu pogwira angathe kukagogoda ku Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yopereka maloya kwa anthu osowa. Loya akakhala pa ndalama zako, kokadandaula ndi ku Malawi Law Society. Kampani ya inshuwalansi ikamangokuzungulitsa, amene amayang'anira makampani amenewa ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi.

Chimene chinandidabwitsa ine ndi mmene amawerengera ndalamayo. Sangotchula chiwerengero kuchokera m'mutu. Pali gawo la ululu umene munthu wamva, pali la zinthu zimene ankachita koma sangathenso, monga kulima, kuthamanga kapena kupalasa njinga, ndiye pali la kuwonongeka kwa maonekedwe, zipsera ndi kutsimphina. Pa zimenezi amayang'ana lipoti la dokotala, pomwe pamalembedwa peresenti ya kulumala, n'kuyerekeza ndi zimene makhothi anagamula pa milandu ina yofanana. Ndiye pali ndalama zimene zinatuluka m'thumba, ndipo apa sakhulupirira pakamwa, amafuna malisiti. Mlongo wanga ankaponya tilisiti tonse m'chitini cha mkaka: ta mankhwala a kufamase, ta ndodo zoyendera, ta malipiro a lipoti la apolisi. Tina tinali titafufutika ndi kutentha kwa kuno moti ndinkachita kudetsa makina kuti manambala aoneke. Za minibasi ndi za Sienta, zimene zinadya ndalama zambiri kuposa zonse, zinalibe lisiti, ndipo zambiri zinangopita choncho.

Wakabaza alibe pepala la malipiro a pamwezi, ndiye angasonyeze bwanji kuti ankapeza zakuti? Chinatipulumutsa ndi kope la mwini njinga. Alamu ankayendetsa njinga ya mphunzitsi wina, ndipo mphunzitsiyo ankalemba madzulo aliwonse ndalama imene walandira, deti lake, onse awiri n'kusayina. Kope lakuda ndi mafuta, chikuto chitathothoka, koma loya ataliona analigwira ndi manja awiri.

A inshuwalansi nawo sanagone. Anafunsa ngati alamu anali ndi laisensi, ngati anavala helimeti, ngati sankathamanga. Akapeza kuti wovulala naye analakwitsa penapake, ndalama imadulidwa molingana ndi gawo la kulakwa kwake. Laisensi anali nayo, helimeti inali kumutu, ngakhale ine mpaka lero ndimadzifunsa kuti helimeti ikanateteza bwanji ntchafu. Tinauzidwanso kuti inshuwalansi ili ndi malire: ya lole ija inkathera pa K5 miliyoni, ndipo zopitirira pamenepo ukazifune kwa mwini galimoto. Nkhani inatha mu 2024 pogwirizana, osafika pogamulidwa ndi jaji. Apa n'kuti ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti njinga imene alamu ankalota kugula inali itathawa mtengo. Anatsegula kaokala kogulitsa sopo ndi mchere. Amatsimphina, koma ana akupita kusukulu.

Tsono pali mayi wina amene amabwera ndi usipa kuchokera ku Senga Bay kudzagulitsa mumsika. Iye anagundidwa ndi njinga ya kabaza akuwoloka msewu beseni lili pamutu. Fupa lomwelo la pantchafu, ulendo womwewo wa ku Lilongwe. Woyendetsa sanathawe, anali kamnyamata kosakwana zaka 20, kanangokhala pansi n'kumalira. Njingayo inalibe nambala, inalibe inshuwalansi, ndi imodzi mwa zija zimalowa kuchokera ku Mozambique n'kuyamba ntchito tsiku lomwelo. Apolisi anachita mbali yawo, mnyamatayo analipitsidwa chindapusa, koma chindapusa chimapita ku boma, sichigula mankhwala a wovulala. Mwana wa mayiyo anabwera ndi mapepala onse, okonzedwa bwino kuposa athu, n'kundifunsa kuti, “Ankolo, loya wanu uja angatithandizenso ife?” Anapita, ndipo yankho linali loona ngakhale linali lowawa. Lamulo likulola kusumira woyendetsa ndi mwini njinga, mlandu mukhoza kupambana, koma mudzalanda chiyani kwa munthu amene chuma chake chonse ndi njinga yomweyo?

Anyamata amene anakhalako ku Joni amasimba za Road Accident Fund, thumba limene limadzazidwa ndi kandalama kowonjezera pa mtengo wa mafuta, lomwe limalipira ovulala pamsewu. Kuno thumba lotere kulibe. Ukagundidwa ndi chinthu chopanda inshuwalansi, kapena chikakugunda n'kuthawa, watsala wekha ndi abale ako.

Mlandu wa mayi uja unathera kwa amfumu. Mwini njinga anavomera kupereka K80,000 pang'onopang'ono, ndipo pena ankabweretsa chinangwa m'malo mwa ndalama. Apa ndiye ndimasiyana ndi anthu ophunzira amene amati kukambirana kwa amfumu n'kutsalira. Pamene pali inshuwalansi, kuthamangira kukambirana pachibale n'kudzibera wekha. Pamene palibe, bwalo la amfumu ndi malo okhawo amene mungatulukepo ndi kanthu, chifukwa mwini njinga amaopa manyazi a pamudzi kuposa samani ya kukhothi. Chachikulu n'chakuti mgwirizanowo ulembedwe m'Chichewa chomveka, pakhale mboni ndi chidindo cha amfumu, madeti operekera aoneke, ndipo musatseke nkhani dokotala asananene mmene mwendo udzathere. Makalata otere ndimatayipa ambiri.

Akabaza ndikawafunsa chifukwa chimene salembetsera njinga, amandiwerengetsera: kulembetsa, sukulu yoyendetsa, laisensi, inshuwalansi ya chaka ndi chaka, zonsezo pa munthu amene madzulo aliwonse amayenera kupereka tageti kwa bwana, mafuta akhalepo asakhalepo. Ndimawamva. Komanso ife okwera tili nalo gawo lathu, pakuti pasiteji timakwera amene watsitsa mtengo, osasuzumira kumbuyo kuti tione ngati pali nambala, ndipo timavomera kupanikizana atatu pampando wa anthu awiri. Pasiteji ya alamu anga anayamba kusonkherana kangachepe sabata iliyonse kuti mnzawo akavulala azipeza ya thiransipoti ndi ya gadiyani. Zikuthandiza ndithu, koma thumbalo ndi la oyendetsa okhaokha. Wokwera ndi woyenda pansi mulibemo.