Wina apatuke: sabata imodzi pa mpando wa kumanzere

Ntchito yanga ndi yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto kuno ku Mzuzu. Malo anga ndi mpando wa kumanzere, phazi lili pafupi ndi buleki yangayanga, diso lili pa kagalasi kanga kapadera. Ophunzira amasinthana kuyambira m'mawa chifunga chisanachoke, ndipo njira zathu ndi zomwezomwezo: Katoto, Orton Chirwa Avenue, pa Clock Tower, ndipo amene alimba mtima timapita nawo cha ku Luwinga mpaka kutulukira msewu wa ku Ekwendeni. Ndikaweruka ndimakonda mpikisano wa magalimoto wa Formula 1. Mipikisano yambiri ya ku Ulaya imayamba cha m'ma 3 koloko masana Lamlungu, ndiye munthu ukachoka ku tchalitchi n'kudya nsima umaupeza ukuyamba kumene pa SuperSport. Anyamata amene ndikuphunzitsa masiku ano ambiri saonera mpikisano wonse. Amaona timakanema tatifupitifupi pa Facebook ndi TikTok, ndipo timeneti timaonetsa chinthu chimodzi chokha, pamene wina wamulowerera mnzake pa kona.

Lolemba ndinali ndi mnyamata amene bambo ake akufuna aziwayendetsera pikapu ya katundu. Manja ake ndi abwino, klachi anaizolowera msanga kuposa anzake onse. Tikufika pa raundabauti, kudzanja lamanja kunkabwera lole ya matabwa imene inali italowa kale. Lamulo lake n'lodziwika, wa kumanja amene ali m'kati ndiye amayamba kudutsa. Mnyamatayo loleyo anaiona bwinobwino, ndinamuona akuiyang'ana, koma m'malo mochotsa phazi anawonjezera moto. Ndinaponda buleki yanga, injini inazima, lole n'kudutsa pamphuno pathu ikuliza hutala.

"Aphunzitsi, ikanaima ija," anatero. "Mukalowetsa mutu msanga, mnzanuyo amaona yekha chochita."

Titaima pambali anatulutsa foni kundionetsa kumene anatola nzeru imeneyi: Max Verstappen ku Mexico mu 2024, akukankhira Lando Norris kunja kwa msewu. Kakanemako kankathera pomwe galimoto ya Verstappen yatulukira kutsogolo. Sikankaonetsa kuti oweruza anamupatsa zilango ziwiri, chilichonse cha masekondi 10, pa zimene anachita pa kuzungulira kumodzi komweko, ndi kuti anamaliza pa nambala 6 pomwe Norris anafika wachiwiri.

Verstappen ndi katswiri, ndipo sindinamubisire mnyamatayo kuti akamayendetsa pamvula ndimaimirira pa mpando. Koma kayendetsedwe kamene anyamatawa akusirira kali ndi tsinde limodzi. Umachedwa dala kuponda buleki, n'kulowa m'kati mwa kona ndi liwiro loti iwe mwini sungakhote bwino, ndipo mnzako amatsala ndi njira ziwiri: apatuke kapena mugundane. Luso lilipo ndithu, koma chimene chikugwira ntchito kwambiri n'chakuti ukudziwa kuti winayo ali ndi zambiri zoti ataye kuposa iwe. Ku Mexico, Norris ndiye ankathamangitsa mapointi. Verstappen anali kale patsogolo pa mndandanda wa chaka, moti akanagundana onse n'kutuluka, wopindula akanakhala iyeyo. Eni mpikisano nkhani imeneyi akhala akulimbana nayo. Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mpikisanowu, amalola woteteza malo ake kusintha mbali kamodzi kokha, ndipo akamabwerera ku mzere wake ayenera kusiyira mnzake mpata wokwana galimoto imodzi. Mu 2016 madalaivala anzake anadandaula kuti Verstappen amasuntha galimoto ali kale pa buleki, mpaka akuluakulu anakhwimitsa lamulo limene anthu anangolipatsa dzina lake.

Ndinamuuzanso za ku Monza mu 2021, pamene galimoto ya Verstappen inakwera pamwamba pa ya Lewis Hamilton, tayala n'kumudutsa pamutu. Hamilton anatuluka wamoyo chifukwa cha halo, chitsulo chozungulira mutu wa dalaivala chimene anayamba kuika mu 2018. Kumeneko aliyense ali ndi chipewa, malamba olimba, zovala zosagwira moto, dokotala ali pafupi, ndipo onse akupita mbali imodzi atavomera okha kuchita zimenezi. Pa raundabauti yathu amene ukumukakamiza kuti apatuke ndi wa Sacramento, njinga ya kabaza, atanyamula mayi amene wakhala chammbali, mwana ali kumbuyo.

"Koma aphunzitsi, opambana onse amatero," anatero akubweza foni m'thumba. Ndinamuuza kuti tibwererenso pa raundabauti yomweyo, ndipo aziima ngakhale m'kati mulibe kanthu, mpaka phazi liphunzire.

Lachiwiri linali la kuimika galimoto chobwerera m'mbuyo ndi kunyamuka pa chitunda. Palibe chachilendo, kungoti fungo la klachi linandiperekeza mpaka kunyumba.

Lachitatu kunagwa mvula yamvumbi, ya kuno kwathu yosadziwa kukata, ndiye tinakhala m'kalasi pa Highway Code. Nkhani ya Lolemba inali itawanda kale pakati pa ophunzira, ndipo bambo wina wachikulire, amene wabwera kudzaphunzira atapuma pa ntchito, anaitola.

"Inu ana mukuti Verstappen," anatero. "Ayrton Senna munamuona? Michael Schumacher munamuona?"

Bamboyo ankanena zoona. Ku Suzuka mu 1990, Senna anagunda Alain Prost pa kona yoyamba, onse awiri n'kutuluka, ukatswiri wa chaka n'kupita kwa Senna. Chaka chotsatira iye mwini anavomera kuti sinali ngozi wamba, ndipo mtima wake unali udakali pa zimene zinachitika pa bwalo lomwelo mu 1989, pamene anagundananso ndi Prost n'kulandidwa chipambano. Schumacher anagundana ndi Damon Hill ku Adelaide mu 1994 n'kutenga ukatswiri ndi pointi imodzi. Mu 1997 ku Jerez anakhotera Jacques Villeneuve, koma ulendo uno amene anathera m'mchenga anali iyeyo, ndipo FIA inamufufuta pa mndandanda wa chaka chonsecho. Mu 2006 ku Monaco anaimika galimoto pa kona ya Rascasse nthawi yolimbirana malo oyambira, anzake n'kulephera kumaliza liwiro lawo, ndipo oweruza anamubweza kukayambira kumbuyo kwa onse.

Mtsikana wina anafunsa funso limene ndinalikonda: ngati akatswiri onse amapinda malamulo, vuto lili pati? Ine maganizo anga ndi akuti kupinda malamulo kulipo kuwiri. Kwina ndi kwa mainjiniya, amene amawerenga buku la malamulo mzere ndi mzere kufuna pamene palibe choletsa. Timu ya Brawn mu 2009 inapanga kunsi kwa galimoto mwanjira imene anzawo ambiri sanaiganizire. Anzawowo anakadandaula, bwalo la FIA linati palibe lamulo laphwanyidwa, ndipo Jenson Button anatenga ukatswiri. Mercedes mu 2020 inabwera ndi chiwongolero chimene dalaivala akachikoka kapena kuchikankha chinkasintha kaimidwe ka matayala akutsogolo. Chinaloledwa chaka chimenecho, n'kuletsedwa chaka chotsatira. Zimenezi ine ndimaziwombera m'manja, chifukwa ndi nzeru kulimbana ndi nzeru, ndipo palibe amene magazi ake aikidwa pa chiswe. Kupinda kwinako ndi kumene chida chako ndi thupi la munthu mnzako. Kumeneko n'kumene kunafikitsa timu ya Renault pouza Nelson Piquet Jr. kuti akagunde khoma dala ku Singapore mu 2008, kuti galimoto yochepetsa liwiro ituluke pa nthawi yokomera Fernando Alonso. Alonso anapambana, koma nkhaniyo inaululika mu 2009.

Tinabwerera ku zikwangwani za pamsewu ola litatsala pang'ono kutha. Sindinadandaule, chifukwa tsiku limenelo ngakhale amene amasinza m'kalasi anali maso.

Lachinayi ndinatuluka ndi mayi wina, mphunzitsi wa ku pulayimale, ulendo wake woyamba kunja kwa tawuni. Titadutsa Luwinga tinali pa liwiro labwino, kutsogolo kwathu kuli njinga yamoto, pakati pa msewu pali mzere woyera wosadukiza chifukwa kunali kona. Pa kagalasi kanga ndinaona Sienta ikubwera, yodzaza mpaka kumbuyo kwaphwathalala. Inatiphethira magetsi kawiri n'kutuluka kudzatipitirira pa kona pomwepo. Ili pambali pathu, kutsogolo kunatulukira basi. Wa Sienta sanabwerere m'mbuyo. Anangoyamba kutsamira kumbali yathu pang'onopang'ono, galasi lake la m'mbali litatsala pang'ono kukhudza chitseko cha mayiyo, moti nkhope ya mwana amene anakhala pa miyendo ya munthu pa windo ndinaiona bwinobwino.

"Amayi, chotsani phazi pa moto. Buleki pang'ono. Musakhote, gwirani chiwongolero chomwecho."

Anamvera. Sienta inalowa pa mpata umene tinaipatsa, basi n'kudutsa ikuwomba mphepo. Tinaima pa malo otakasuka, manja a mayiyo akunjenjemera pa chiwongolero.

"Aphunzitsi, ndalakwitsa chiyani?"

Sanalakwitse chilichonse. Anachita zimene Norris anachita ku Mexico, anapatuka kuti onse afike. Chimene chimandiwawa n'chakuti wa Sienta uja anapita akukhulupirira kuti iye ndi katswiri, osadziwa kuti amene wapulumutsa anthu ake ndi wophunzira wa chikwangwani cha L. Mawa adzachitanso, ndipo ku Chikangawa kumene chifunga chimatseka msewu ndipo malole a matabwa amakwawa, kapena pa makona a ku Chiweta, tsiku lina adzakumana ndi woganiza ngati iyeyo.

Lachisanu ndinatha nthawi yambiri ku Road Traffic ndi amene anali ndi mayeso. Mnyamata wa pikapu sindinamulembetse, ndipo bambo ake ndinawafotokozera chifukwa chake pa foni. Sanakondwe, koma anavomera.

Loweruka kunabwera dalaivala wa Sienta ina, wa msewu wa ku Nkhata Bay, amene bwana wake anamutumiza kuti ndimuone kayendetsedwe atachita kangozi kakang'ono. Munthu wamkulu, wa banja, waulemu wake. Ndili naye m'galimoto ankayendetsa bwino kwambiri, indiketa pa nthawi yake, giya yotsika pa mtsetse, buleki kona isanafike. Malamulo onse amawadziwa. Ndinamufunsa kuti nanga akakhala ndi anthu amathamangiranji.

"Achimwene, inu mumalipidwa pa mwezi," anatero. "Ine madzulo bwana amafuna yake yokwana. Mafuta ndigule ndine. Tsiku lina m'mawa wonse umathera pa mzere wa mafuta, koma ya bwana sitsika. Mnzanga akandipitirira, anthu a pa siteji yakutsogolo watenga ndi iyeyo. Akandigwira apolisi ndilipira, andipatsa lisiti, ndipitiriza. Ndikawerengetsa, kulipirako kuli bwino kusiyana ndi kufika pa siteji popanda munthu."

Mawu amenewa anandikumbutsa Kevin Magnussen. Ku Saudi Arabia mu 2024, atapatsidwa kale zilango za masekondi zoti mpikisano wake unali utawonongeka, anayamba kuchedwetsa dala magalimoto a kumbuyo kwake kuti mnzake wa timu ya Haas, Nico Hülkenberg, apeze mpata, ndipo Hülkenberg anamaliza pa nambala 10 n'kutenga pointi. Munthu akaona kuti chilango n'chochepa kuposa phindu, amachitenga ngati mtengo wogulira chimene akufuna. Ngakhale Hamilton ku Silverstone mu 2021, atagundana ndi Verstappen amene anakamenya khoma mwamphamvu mpaka kupita naye ku chipatala, analandira masekondi 10 koma anapambanabe. Chimene chinamuimitsa Magnussen si masekondi ayi, koma mapointi a chilango amene amalembedwa pa laisensi ya dalaivala. Dongosolo limeneli linayamba mu 2014: ukafika mapointi 12 m'miyezi 12, mpikisano wotsatira umaonera pa kanema. Magnussen anawakwanitsa ku Monza, ndipo ku Baku mu September 2024 sanayendetse. Verstappen naye atagunda George Russell ku Spain mu June 2025 anafika pa mapointi 11, ndipo m'mawa mwake anavomera poyera kuti zimene anachitazo sizinali zoyenera. Chilango choti chikukutsatira kulikonse kumene ukupita sungachilipire m'mawa n'kuchiiwala masana.

Palinso china chimene a mpikisano amachita chimene ndimachiona kuti n'chachilungamo. Pa nkhani ya ku Singapore ija, chilango sichinagwere woyendetsa. Chinagwera akuluakulu a timu, Flavio Briatore ndi Pat Symonds, amene anachoka pa maudindo awo, ndipo timu yonse inaikidwa pa chenjezo la zaka ziwiri. Wotuma anayankha mlandu wake. Kwathu kuno wolipira ndi dalaivala, wogona m'chitokosi ngozi ikachitika ndi dalaivala, pomwe amene anaika ndalama yosatheka kuipeza popanda kuthamanga ali kunyumba kudikira madzulo.

Titamaliza ndinaimbira foni bwana wa dalaivalayo. Ndinawauza kuti munthu wawo safunika maphunziro ena, kuyendetsa amadziwa, ndipo ndalama yawo asaitaye kwa ine. Ndinawapempha kuti aunikenso ndalama imene amafuna pa tsiku, makamaka masiku amene mafuta avuta, ndiponso aleke kumulimbikitsa kunyamula anthu opitirira mipando 7 ya galimotoyo. Anakhala chete pang'ono, kenako anati matayala akwera mtengo, ngongole ya galimoto sinathe, ndipo ngati uyu sakwanitsa, pa depoti pali anyamata ambiri a malaisensi amene akufuna ntchito. Anati aganizira. Dalaivala uja anali ataima pambali panga, akumva zonse, makiyi ali m'manja, chifukwa anali ndi ulendo wa ku Nkhata Bay woti aupange dzuwa lisanalowe.